Momwe Munganenerere Mtengo M'sitolo Osapusitsidwa

Anthu ambiri amanenerera pamsika, pa tomato ndi usipa, koma akalowa m'sitolo yokhala ndi kauntala ndi makina a lisiti amangolipira mtengo woyamba umene auzidwa. Apa m'pamene ndalama zambiri zimatayikira. K200 imene mwapulumutsa pa mulu wa tomato singafanane ndi imene mungachotseredwe pa malata 40, filiji, matilesi kapena matumba 30 a simenti. M'masitolo ambiri a ku Limbe, a mumsewu wa Malangalanga ndi ku Bwalo la Njobvu ku Lilongwe, kapena ozungulira msika wa Taifa ku Mzuzu, mtengo woyamba umakhala ndi mpata. Wogulitsa amautchula akudziwa kuti wogula apempha kuchotseredwa, ndipo mukapanda kupempha, mpatawo umangosanduka phindu lake.

Ntchito yaikulu ya kunenerera imachitika musanafike pakauntala. Amene akudziwa mtengo weniweni wa chinthu, mtundu wake weniweni ndiponso munthu amene ali ndi mphamvu zotsitsa, sachita kulankhula zambiri. Mitengo yonse imene ili m'munsimu ndi yongoyerekezera kuti masamu amveke, popeza mitengo ya m'sitolo ikusintha mwezi ndi mwezi.

Choyamba: dziwani ngati sitoloyo imalola kunenerera

M'masitolo akuluakulu odzitengera wekha katundu pashelefu, mtengo umakhala m'kompyuta, ndipo wapatilo alibe mphamvu yousintha. Kumuumiriza n'kumuvutitsa chabe ndi kuchedwetsa anzanu pamzere. Ngakhale kumeneko mpata ulipo pa zinthu zitatu: katundu wachionetsero amene wakhala akugwiridwagwiridwa, katundu amene katoni yake yaphwanyika kapena wakalika pang'ono, ndi kugula zambiri nthawi imodzi, monga za ukwati, chinkhoswe kapena sukulu. Pa zimenezi funsani manijala, osati wapatilo. Komanso mukaona kuti mtengo wa pashelefu ndi wotsika kuposa umene watuluka patilo, nenani pomwepo musanalipire. Kumeneko si kunenerera ayi, ndi ufulu wanu kulipira mtengo umene walembedwa.

Kumene kunenerera kumayenda bwino ndi m'masitolo amene mwini wake, kapena wachibale wake, amakhala pompo: a zipangizo zomangira, a zamagetsi, a mafoni, a nsalu ndi makatani, a mipando, a zipangizo za galimoto ndi njinga. Chizindikiro chake n'chosavuta. Ngati wogulitsa akuyamba wakuyang'anani asanatchule mtengo, kapena akutenga kakyuleta n'kukulozerani nambala, mtengowo ukhoza kusuntha.

Chachiwiri: fufuzani mtengo wa chinthu chenichenicho

Apa m'pofunika kukhalitsa, chifukwa anthu ambiri amene amadzitama kuti anachotseredwa amakhala atagula chinthu china chotsika, osati chimene ankafuna. Wogulitsa wochenjera sakana mtengo wanu. Amavomera, kenako n'kukutulutsirani katundu woyenerana ndi ndalama mwatchulayo.

Musanayambe kufunsa mitengo, lembani papepala chinthucho mwatsatanetsatane.

Pa malata lembani geji, kutalika ndi mtundu. Nambala ya geji ikachepa ndiye kuti lata ndi lokhuthala: geji 28 ndi yolimba kuposa geji 30, ndipo geji 32 ndi yopyapyala kuposa zonsezi. Munthu akakutsitsirani kwambiri pa malata, yambani mwaona geji. Kenako werengerani mtengo pa fiti imodzi. Lata la mafiti 10 pa K24,000 ndiye kuti K2,400 pa fiti, pomwe la mafiti 12 pa K27,600 likubwera K2,300 pa fiti. Looneka lodulalo ndi limene lili lotchipa, bola denga lanu likhale lofuna mafiti 12.

Simenti imabwera m'matumba a makilogalamu 50, koma mphamvu yake imasiyana. Pathumba pamalembedwa 32.5 kapena 42.5, ndipo ya 42.5 ndi yamphamvu kwambiri, choncho imadulirapo. Musayerekeze mitengo ya ziwirizi ngati chinthu chimodzi. Funsani mmisiri wanu kuti ntchitoyo ikufuna iti, chifukwa pomanga khoma wamba ndi kupulasitala simufunika kulipirira yamphamvuyo.

Pa penti werengerani mtengo pa lita. Chigubu cha malita 20 pa K90,000 chikubwera K4,500 pa lita, pomwe cha malita 5 pa K26,000 chikubwera K5,200 pa lita. Lembaninso ngati ndi ya madzi kapena ya mafuta, ya m'kati kapena ya kunja. Pa waya wa magetsi lembani kukula kwake, 1.5 ya magetsi owunikira kapena 2.5 ya masoketi, ndipo funsani ngati mpukutuwo ndi wa mamita 100 okwanira komanso ngati m'kati mwake ndi kopa weniweni. Waya wotchipa modabwitsa nthawi zambiri umakhala wa chitsulo china chongokutidwa ndi kopa pamwamba, ndipo umatentha msanga. Pamenepa kuchotseredwa kukhoza kukuotcherani nyumba.

Pa foni lembani nambala ya mtundu wake, kukula kwa RAM (imene imathandiza foni kuthamanga) ndi malo osungira zinthu. Foni ya Tecno, Itel kapena Samsung ya dzina limodzi imatha kubwera m'mitundu iwiri kapena itatu yosiyana malo osungira, ndipo mitengo yake imasiyana kwambiri. Pa matilesi musangofunsa mainchesi. Awiri a mainchesi 6 akhoza kusiyana kulimba kwa siponji, ina n'kuphwa pakangotha miyezi yochepa.

Mukalemba zimenezi, pitani m'masitolo osachepera atatu tsiku limene simukugula. Funsani mtengo, lembani, thokozani, tulukani. Ngati katunduyo ndi wambiri, pemphani kotesheni yolembedwa, yokhala ndi chidindo cha sitolo ndi tsiku. Pepala limeneli limalankhula mwamphamvu kuposa mawu akuti "kwina ndinapeza zotchipa", amene wogulitsa aliyense amawamva kambirimbiri tsiku lililonse ndipo sawakhulupirira. Funsaninso kuti kotesheniyo igwira ntchito masiku angati. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse mu May 2022, kenako ndi 44 pa 100 iliyonse mu November 2023, eni masitolo ambiri amaika mtengo poganizira ndalama imene adzaodere katundu wina, osati imene anaodera amene ali pashelefu. N'chifukwa chake mtengo wa sabata yatha sungakhale umboni lero, ndipo mawu akuti "chaka chatha ndinagula mwakuti" sakuthandizani chilichonse.

Masamba a malonda a pa Facebook ndi magulu a pa WhatsApp angakupatseni chithunzithunzi, koma mitengo ya kumeneko muitenge mosamala. Ina imakhala ya katundu wogwiritsidwa kale ntchito, ina ndi nyambo yongokukokerani kusitolo.

Chachitatu: konzani manambala atatu musanachoke pakhomo

Nambala yoyamba ndi malire anu, ndalama imene simungapyole zivute zitani. Iyi isapose mtengo wotsikitsitsa umene munapeza pofufuza. Yachiwiri ndi mtengo umene mukufuna kugulira. Yachitatu ndi imene muyambire, yotsikirapo kuposa yachiwiriyo kuti mukhale ndi pokwerera.

Kutsika kwa nambala yoyambira kumadalira mtundu wa katundu, ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa. Simenti, shuga, mafuta ophikira, feteleza ndi ufa ndi zinthu zoyenda msanga zimene phindu lake pa chimodzi limakhala lochepa, ndipo aliyense amadziwa mtengo wake. Mukanena theka la mtengo pa thumba la simenti, wogulitsa amangodziwa kuti simunabwere kudzagula. Pa zotere pemphani kuchotseredwa pang'ono pa thumba lililonse, kapena nenererani pa thiransipoti. Pa filiji, wailesi yakanema, sola ndi mafoni, kuyambira pa 10 mpaka 15 pa 100 iliyonse pansi pa mtengo wake si mwano. Pa zovala, nsapato, makatani, zikwama, mipando ndi timakava ta mafoni, mpata umakhala waukulu, ndipo mukhoza kuyambira pochotsa gawo limodzi mwa magawo atatu.

Patulani ndalama ya malire anu m'thumba lina, ya thiransipoti ndi zina m'thumba linanso. Munthu amene akudandaula kuti ndalama yamuperewera kwinaku akutulutsa mpukutu wa ma K5,000 wadzitsutsa yekha.

Chachinayi: sankhani nthawi

Kumapeto kwa mwezi anthu akalandira, masitolo amadzaza ndipo wogulitsa sasowa wogula. Pakati pa mwezi, Lachiwiri kapena Lachitatu m'mawa, amakhala ndi nthawi yomvetsera komanso njala yogulitsa. Ogulitsa ambiri sakonda kubweza kasitomala woyamba wa tsikulo, choncho kulawirira kumathandiza. Madzulo potsekera pamathandiza kwambiri pa zinthu zowonongeka msanga, osati pa filiji.

Nyengo nayo ili ndi mphamvu. Misika ya fodya ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu ikatsegulidwa cha mu April, ndipo alimi akayamba kugulitsa soya, mtedza ndi chimanga, malata, njinga, matilesi ndi sola zimayenda kwambiri, mitengo n'kuuma. Mu January ndi February anthu ambiri amakhala alibe ndalama, mvula yaimitsa ntchito zomanga, ndipo eni masitolo a zomangira amafewa. Malata mukhoza kugula nthawi imeneyo n'kusunga pouma. Simenti yokha ayi, chifukwa imakoka chinyontho n'kuuma m'thumba momwemo, ndipo zimene mwachotseredwazo zimathera pomwepo. Yunifolomu, makope ndi nsapato za sukulu musadikire sabata yotsegulira mu September. Mbewu ndi feteleza funsani mitengo mvula isanayandikire.

Katundu akasowa m'dziko, monga zimachitikira ndi simenti kapena shuga ndalama zakunja zikavuta, kunenerera kumatha mphamvu. Nthawi zotere, ngati ntchito ingadikire, idikire.

Chachisanu: lankhulani ndi amene angatsitse mtengo

M'malo ngati Limbe ndi Malangalanga mudzakumana ndi madobadoba pakhomo pa sitolo kapena pamsewu: "Mukufuna chiyani, abwana? Tiyeni ndikuonetseni potchipa." Munthu ameneyu akakulowetsani m'sitolo, cholowa chake chimaikidwa pamwamba pa mtengo wanu, nthawi zina pongokodolana ndi wogulitsa inu musanazindikire. Mukaneni mwaulemu, ndipo lowani nokha. Ngati wakutsatirani, uzani wapakauntala poyera kuti mwabwera nokha.

Chimodzimodzinso ndi amisiri ena. Mmisiri akaumirira kuti zipangizo zikagulidwe sitolo imodzi yokha ndipo akagule yekha, n'kutheka kuti ali ndi gawo lake kumeneko. Mutengeni kuti akakuthandizeni kuona mtundu wa katundu, koma za mtengo mukambe nokha, ndipo lisiti mugwire inuyo.

Wantchito wa m'sitolo nthawi zambiri amaloledwa kuchotsa pang'ono chabe. Musamunyoze kapena kumudumpha mwamwano, chifukwa ndi amene amadziwa katundu amene wakhalitsa ndiponso amene abwana akufuna atachoka. Akafika pamalire ake, nenani kuti: "Achimwene, mwayesetsa ndithu. Tandifunsireni abwana ngati angandithandizeko pang'ono, ndikufuna ndigule lero lomwe." Mukatero mwamusandutsa wokulankhulirani.

Chachisanu ndi chimodzi: kukambirana kwenikweni

Yambani ndi moni. "Mwadzuka bwanji, bambo?" kapena "Mwaswera bwanji, mayi?" Kulowa n'kungoloza katundu kuti "izi zingati?" kumaumitsa mtima wa wogulitsa musanayambe n'komwe.

Musaonetse kuti chinthucho mwachikonda kwambiri. Funsani za ziwiri kapena zitatu, chimene mukufunacho chikhale pakati. Ngati mwabwera ndi mnzanu kapena akunyumba kwanu, gwirizanani kunja kuti alankhule ndani. Mmodzi akangonena kuti "iyi ndiye yabwino, tingotenga," mtengo umaima pomwepo.

Wogulitsa ndiye ayambe kutchula mtengo. Akakufunsani kuti "Muli ndi zingati?" musayankhe ndi nambala. Nenani kuti, "Nenani inuyo kaye, eni katundu." Mukayamba ndinu, mukhoza kutchula ndalama yoposa imene iye akanavomera.

Tiyerekeze kuti mukugula filiji. Wakuuzani K650,000. Pofufuza munaipeza pa K610,000 kwina, ndiye malire anu ndi amenewo. Mukufuna kugulira K590,000, ndipo muyambira pa K560,000.

Musathamangire kutchula nambala yanu. Funsani kaye: "Nanga mtengo womaliza ndi uti?" Nthawi zambiri amatsika yekha, mwina kufika K630,000, inu musanapereke kalikonse. Kenako tchulani yanu pamodzi ndi chifukwa: "Bambo, filiji yomweyi, malita omwewa, ndaipeza pa K610,000, pepala lake ndi ili. Koma kuno n'kufupi ndi kwathu. Mukandipatsa pa K560,000 ndilipira pompano."

Mukatero khalani chete. Ambiri amalephera apa. Amatchula mtengo, kenako chifukwa cha manyazi amayamba kudzikweza okha wogulitsa asanayankhe: "kapena 580, kapena 590." Lolani kuti chetecho chimulemere iyeyo.

Adzadandaula kuti mpamba wake sunakwane, kuti dola yakwera, kuti lendi ndi yodula. Zina mwa zimenezi ndi zoona, choncho musatsutsane naye ndipo musamutchule wakuba. Vomerani kuti zinthu zavutadi, n'kubwerera ku nambala. Akatsika kufika K620,000, inu kwerani kufika K575,000. Akafika K610,000, kwerani kufika K585,000, ndipo akatsikanso, K590,000. Onani kuti makwerero anu akuchepa: 15, kenako 10, kenako 5. Zimenezi zimamuuza kuti mwayandikira pothera. Mukakwera ndi K10,000 kenako n'kudumpha ndi K30,000, mwamuuza kuti ndalama ikadalipo yambiri. Ndipo musakwere kawiri motsatizana iye asanatsikeko.

Samalani ndi mawu akuti "tiyeni tikumane pakati." Pakati pa K650,000 ndi K560,000 ndi K605,000, ndipo pakatipo pamadalira pamene aliyense anayambira. Ngati mtengo wake woyamba unali wokwezedwa dala, pakatipo pakadali pokomera iye. Yerekezani ndi manambala anu atatu aja, osati ndi mtengo wake woyamba.

Musanamize kuti kwina mwapeza mtengo umene kulibe. Eni masitolo a mumsewu umodzi amadziwana, ambiri amaoda kumodzi, ndipo ena amaimbirana foni inu muli pomwepo. Bodza likaululika, mphamvu zanu zonse zatha. Kunyoza katundu nakonso sikuthandiza. Ngati pali chilema chenicheni, monga kukalika pachitseko cha filiji kapena dzimbiri m'mphepete mwa lata, chilozeni modekha ndi kupempha kuti mtengo uganizire chimenecho.

Akakana kufika pamalire anu, thokozani ndi kunyamuka mosakwiya: "Zikomo, bambo, ndiyendeko kaye. Mwina ndibweranso." Yendani pang'onopang'ono. Ngati mpata unalipo, akuitanani musanafike pakhomo. Ngati sanakuitaneni, mwaphunzira kuti mtengo wake womaliza unalidi womaliza, ndipo mukhoza kubwerera mawa popanda manyazi chifukwa simunasiye mawu oipa. Koma mukatchula mtengo ndipo iye wavomera, gulani. Kunenerera mpaka kugwirizana kenako n'kunena kuti mumangofunsa ndi khalidwe loipa, ndipo ulendo wina sadzakumverani.

Chachisanu ndi chiwiri: mtengo ukakana, nenererani pa zina

Eni masitolo ambiri savutika kupereka chinthu kusiyana ndi kuchotsa ndalama, chifukwa chinthucho iwo anachioda motchipa kuposa mtengo umene inu mukanachigulira. Pa malata pemphani misomali ya malata kapena malata ovindikira pamsonga pa denga. Pa foni pemphani kava ndi galasi loteteza. Pa bedi pemphani mapilo. Pa njinga pemphani pampu, belu ndi kuti akumangireni bwinobwino masipoko. Pa filiji ndi wailesi yakanema pemphani kachipangizo koteteza magetsi akabwera mwamphamvu, kamene kuno kwathu n'kofunika kwambiri chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi.

Thiransipoti ndiyo imaiwalika kawirikawiri. Matumba 30 a simenti ndi tani imodzi ndi theka, ndipo kuwanyamula kuchoka ku Area 2 kupita ku Area 25 kapena ku Likuni kumafuna galimoto ndi anyamata okweza ndi kutsitsa. Sitolo imene ili ndi lole yake ikavomera kukuperekerani, mwina mwapindula kuposa kuchotseredwa K300 pa thumba. Gwirizanani momveka: akafikitsa pakhomo kapena pamsewu waukulu, tsiku liti, ndipo otsitsa alipira ndani.

Kuphatikiza katundu kumathandizanso. M'malo mogula simenti uku, malata uko, misomali kwina, perekani mndandanda wonse ku sitolo imodzi. Koma pemphani mtengo wa chinthu chilichonse payekhapayekha kaye, kenako munenerere pa zonse pamodzi. Mukangofunsa mtengo wa zonse, akhoza kutsitsa simenti imene mukuidziwa mtengo n'kukweza mahinjesi, maloko ndi mapaipi zimene simunafufuze. Ngati katundu wanu ndi wochepa, gwirizanani ndi anzanu a kumpingo, a banki m'khonde kapena oyandikana nawo nyumba kuti mugule pamodzi pa mtengo wooda. Funsani kuti mtengo wooda umayambira pa zingati, kaya dazeni, katoni kapena belo.

Chachisanu ndi chitatu: kulipira ndi lisiti

Gwirizanani za njira yolipirira musanatseke mtengo. Ogulitsa ena mukafuna kulipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba amati muwonjezere yotapira, ndipo pa ndalama zambiri imeneyi ikhoza kudya zimene munachotseredwa. Funsani ngati ali ndi nambala ya bizinesi kapena akaunti ya kubanki. Mukatumiza, onetsetsani dzina limene latuluka pafoni kuti ndi la sitolo kapena la mwini wake, osati la wantchito kapena la dobadoba.

Pali kuchotsera kwina kumene muyenera kukana. Wogulitsa akati, "Popanda lisiti ndikuchotserani," akutanthauza kuti sakudula lisiti ya msonkho wa VAT imene bungwe la MRA limafuna, ndipo msonkhowo ndi woposa 16 pa 100 iliyonse. Poyamba zimaoneka zokoma. Koma kumeneko n'kuzemba msonkho, ndipo filiji ikafa pakatha milungu iwiri mulibe umboni woti munagula pamenepo. Pa chinthu chilichonse chamagetsi kapena chodula, lisiti ndi gawo la katunduyo. Palembedwe dzina la sitolo, tsiku, mtundu ndi nambala ya chinthucho, ndalama mwalipira, ndiponso miyezi ya galanti. Lisiti za makina zimafufutika msanga, choncho ijambuleni pafoni tsiku lomwelo.

Funsaninso ngati mtengo mwagwirizanawo ukuphatikiza VAT. Pamakhala mikangano yambiri pamene wogula wasangalala ndi mtengo, kenako pakauntala msonkho n'kuwonjezedwa pamwamba.

Musalole kuti kuchotseredwa kukhale chifukwa chochotsera galanti. Mawu olembedwa pakhoma kapena pa lisiti akuti katundu wogulidwa sabwezedwa sakuchotserani ufulu wanu ngati katunduyo anali wowonongeka kale. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula pa nkhani zotere, ndipo chinthu choyamba chimene mudzafunika kuonetsa ndi lisiti.

Za kusiya dipoziti kuti mudzatenge katundu mtsogolo, chitani pokhapokha zitalembedwa: mwalipira zingati, zatsala zingati, katundu wake ndi uti, ndipo mtengo sudzasintha kufikira tsiku liti. Popanda mawu omalizawa mudzauzidwa kuti zinthu zakwera.

Chomaliza: onani katundu musanatuluke

Akuluakulu anati malonda ndi m'maso. Mphindi zimene zili pakati pa kulipira ndi kukweza katundu m'galimoto ndi pamene wogula wonenerera kwambiri amapusitsidwa. Chimene munaona pachionetsero sichikhala nthawi zonse chimene chatuluka kumbuyo.

Tsegulani katoni pomwepo. Filiji, ayironi, wailesi ndi mbaula ya magetsi aziyatse inu mukuona, ndipo filiji muisiye kwa mphindi zingapo kuti mumve ngati yayamba kuzizira. Pa foni imbani *#06# ndipo yerekezani nambala ya IMEI imene yatuluka ndi imene ili pakatoni. Zikasiyana, foniyo si ya m'katonimo. Lowaninso m'kati mwa foni muone ngati malo osungira ndi amene munagwirizana.

Malata awerengeni limodzilimodzi pokweza, yezani angapo ndi tepi, ndipo yang'anani a pakati pa mulu, chifukwa opyapyala kapena opindika amabisidwa pamenepo. Matumba a simenti agwireni m'makona. Likakhala ndi zibuma zolimba ndiye kuti linakoka chinyontho, libwezeni. Thumba losokedwanso pakamwa kapena looneka lophwa liyezetseni pasikelo, ndipo chimodzimodzi feteleza. Misomali imagulitsidwa pa kilogalamu, choncho sikelo iyambire pa ziro inu mukuona. Nsalu ayeze pamaso panu osaikoka. Penti ikhale yosatsegulidwa, chivindikiro chake chosapindika. Pa zakudya, mankhwala a mbewu ndi mbewu yogula, werengani tsiku lothera mphamvu, popeza katundu wotsitsidwa mtengo mosavuta nthawi zambiri amakhala wotsala milungu yochepa. Kumugula si kulakwa ngati mumugwiritsa ntchito msanga, koma katoni yonse ya mkaka yotsala ndi masiku khumi si yoti banja laling'ono ligule. Pa katundu wopangidwa m'dziko muno, yang'ananinso chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards.

Ngati sitolo ndiyo ikuperekereni katundu kunyumba, lembani chizindikiro chanu ndi cholembera pa katoni kapena pa lata lapamwamba, jambulani chithunzi, ndipo tengani nambala ya dalaivala. Katundu akafika, werenganinso galimoto isanachoke, ndipo musasaine pepala lolandirira mpaka chiwerengero chitagwirizana ndi cha pa lisiti.